Nsalu ya Mipando ya ku Leicester

Ndinanyamuka pa Chileka ndi sutukesi imodzi, jekete yobwereka ndi kalata ya sukulu. Ntchito yolemba nkhani za m'makhoti a mu Blantyre ndinali nditangoisiya kumene. Mayi anabwera kudzandiperekeza kuchokera ku Bangwe pamodzi ndi mlongo wanga Chisomo, amene nthawi imeneyo anali ku koleji ya aphunzitsi. Mayi sanalire. Anandikonza kolala ya jekete ija, n'kundiuza kuti zinthu zikakayenda ndikakumbukire mipando ya pabalaza.

Mipandoyo inali itatu, ya mlombwa, yogula malemu bambo. Matabwa ake anali olimba, koma makushoni anali atang'ambika mpaka siponji kuonekera. Mlendo akagogoda, mayi ankayamba ayalapo zitenje asanatsegule chitseko.

Ku Leicester ndinapeza kachipinda ku Evington, m'nyumba ya Mayi Banda, namwino wa kwathu amene anakhalitsa kumeneko. Ana awo ankamva Chichewa koma ankandiyankha m'Chingerezi. Visa yanga inali ya sukulu, yololeza maola ochepa a ntchito pa sabata, ndipo zimene ndinkapeza zinkathera ku fizi, ku lendi ndi pa basi. Zoterezi kumudzi sizimveka. Ku Bangwe, mwana wa aneba athu amene anapita ku Joni wopanda ngakhale satifiketi ya fomu folo anali atatumiza kale filiji, wailesi ya kanema ndi malata. Ine ndinkatumiza zithunzi, nditaimirira m'chipale chofewa, ndikumwetulira.

Mayi sankapempha kanthu. Tikamayankhula pa foni ankangofunsa ngati ndikudya komanso ngati kuzizira kwachepa. Kusapemphako ndiko kunkandisowetsa mtendere.

Ntchito anandipezera ndi Mayi Banda. Inali pa weyahausi, chinyumba chosungiramo ndi kugulitsiramo nsalu zokutira mipando, kumbali ya mafakitale. Mwini wake anali a Ismail, Mmwenye wobadwira ku Limbe, amene banja lawo linasamukira ku England iwo ali mnyamata. Tonse tinkawatchula kuti Madala. Chichewa chawo chinali cha mumsika wa Limbe wa kalekale, chosasakaniza ndi Chingerezi ngati chathu. Tsiku loyamba anayang'ana visa yanga mwachidule, ndipo atamva kuti kwathu ndi ku Bangwe anafunsa ngati phiri la Mpingwe lidakali ndi mitengo. Ndinati yatha. Anapukusa mutu ngati wodulayo ndine, kenako anati ndiyambe Lolemba. Atamva za ntchito yanga yakale anandipatsa dzina loti a Nyuzi, ndipo weyahausi yonse inatengera pomwepo.

Nsalu zinkabwera m'makontena kuchokera ku China, ku Turkey ndi ku India, kudzera pa doko la Felixstowe. Pafupifupi zonse zinali za poliyesita. Zinkafika m'mipukutu yolemera, yokulungidwa m'mapulasitiki, ndipo ntchito yanga poyamba inali kuisenza paphewa kuchoka pamene folokolifiti, kagalimoto konyamula katundu wolemera, yatula kukaika m'mashelefu. M'nyengo yozizira poliyesita imasunga magetsi: ukangokhudza chitsulo utasenza mpukutu, kamoto kamathetheka pachala. Zala zinkang'aluka, phewa lakumanja linachita chikanga. Woyendetsa folokolifiti anali Ba Tembo, wa ku Chipata, amene anagwirapo m'maweyahausi a ku Corby mpaka msana unawakana. Pa nthawi yopuma tinkadyera limodzi titakhala pa mipukutu yokanidwa, ndipo ankakonda kunena kuti mtolankhani wosenza nsalu ndiye nkhani yeniyeni, kungoti woilemba palibe.

Madala ataona kuti ndimalemba zinthu mosaphonya, anandichotsa kosenza kuja n'kundiika pa tebulo la masampulo. Apa ndi pamene ndinaphunzira mmene akasitomu, otolera msonkho padoko, amaonera nsalu. Katundu aliyense wolowa m'dziko amakhala ndi nambala yake m'buku la msonkho, ndipo nambalayo ndiyo imanena zolipira ndi mapepala ofunika. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'bukumo mulibe nambala ya nsalu ya mipando. Akasitomu safunsa kuti nsalu ikagwira ntchito yanji. Amafunsa kuti yapangidwa ndi chiyani, ndipo yapangidwa bwanji. Yoluka ndi ulusi wautali wosaduka wa poliyesita imalowa pa 5407. Yaubweya, yonga veleveti, imapita pa 5801. Yopakidwa pulasitiki imapita pa 5903. Ine ndinkadula kachidutswa kozungulira kumapeto kwa mpukutu, kukayeza kulemera, kusolola ulusi kuti ndione ngati ndi wautali kapena wa tizidutswa topota, n'kutumiza zonsezo kwa ejenti amene ankatiombolera katundu padoko.

Ntchitoyo ndinaikonda, ngakhale kumudzi sindinkaifotokoza bwino. Ndinkangoti ndimayeza nsalu za kasitomu, ndipo mayi ankauza anzawo zomwezo.

Nsalu ya nkhani ino inafika nditazolowera kale patebulopo. Inali ya maruni, yofiira moderako, yokhala ndi masamba agolide olukidwa momwemo, osati odinda. M'weyahausi monse munalibe ina yokongola ngati imeneyo. Kumbuyo kwake anaipaka pulasitiki yosakaniza ndi mankhwala oletsa moto, chifukwa ku England malamulo a mipando ndi okhwima pa nkhani ya moto. Ejenti, pongodalira mapepala a kufakitale, anailembetsa pa 5407. Akasitomu anatsegula kontena, anaitembenuza nsalu, n'kuigwira kontenayo padoko.

Lamulo lake ndi lachidule. Ngati chopakacho chikuoneka ndi maso, popanda galasi lokulitsa, nsaluyo ndi ya 5903. Kungosintha mtundu sikuwerengedwa. Tinayala sampulo ya kufakitale patebulo chotembenuza, atatu tonse titaizungulira. Madala anavula magalasi, anavalanso, n'kunena kuti iwo sakuona kanthu.

"Manje lamulo ikamba maso ya ndani?" anafunsa Ba Tembo. "Ngati ni ya Madala, aya maso saona na wotchi ikafika nthawi yoweruka."

Madala anawauza kuti akhale chete apo ayi akwera basi yobwerera ku Corby, kenako anatembenukira kwa ine. Ndinati ikuoneka. Timipata ta pakati pa ulusi tinali titatsekeka ndi kanthu kotuwa, kosalala, koti ukakanda ndi chikhadabo kamalira. Nambala inasinthidwa, kontena inatuluka, koma wopanga masofa wa ku Long Eaton amene anaitanitsa nsaluyo anali atatopa kudikira n'kukagula kwina. Nsaluyo inayenda malonda pang'onopang'ono. Pomaliza panatsala chidutswa chachikulu ndithu, chokhala ndi mabowo ozungulira kumapeto kumene ndinadula masampulo.

Nkhani ya mipando ya ku Bangwe Madala ankaidziwa, chifukwa tsiku lina ndinaitulutsa tikumwa tiyi. Anapinda okha chidutswacho n'kundipatsa.

"Tengani a Nyuzi, mukakutire mipando ya amayi. Koma musaganize kuti ndi yanu nokha. Fakitale imeneyi imagulitsa masamba omwewa ku Dubai, ku Joni, ngakhale ku Limbe. Chosiyana ndi kumbuyoku basi."

Mayi Banda anali akulongedza diramu yotumiza kumudzi, ndipo anandipatsa malo pamwamba pa nsapato ndi mabulangete awo. M'zaka zonse zimene ndinakhala ku England, chinthu chogwirika chimene chinafika ku Bangwe kuchokera kwa ine chinali chimenechi. Itafika ndinaimba foni n'kunena momveka bwino kuti nsaluyo ndi ya mipando, apeze munthu wosoka makushoni.

"Tamva achimwene," anatero mayi. "Mulungu akudalitseni."

Patapita nthawi ndinapempha chithunzi cha mipandoyo. Mayi anati wosoka makushoni akudwala. Ulendo wina anati mvula yachuluka, adikire kaye iphe. Ndikafunsa Chisomo, ankasintha nkhani n'kuyamba kundiuza za ana a m'kalasi mwake. Ndinasiya kufunsa. Ndinali ndi mayeso, komanso visa inali ikupita kumapeto.

Sukulu inatha, ntchito yoti indisunge m'dzikomo sinapezeke. Tsiku lomaliza Ba Tembo anandikweza pa folokolifiti kuzungulira weyahausi, akuliza hutala ngati ukwati. Madala anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kupempha kuti ndikawatumizire chithunzi cha Mpingwe, kaya mitengo ilipo kaya palibe. Ndinabwerera ndi sutukesi ziwiri, imodzi yodzaza mabuku.

Ndinafika m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ku Bangwe zambiri zinali zitasintha. Aneba aja anali atamanga mpanda wa njerwa. Chisomo anali mphunzitsi tsopano, woyankhula motsimikiza, ndipo anali pa chibwenzi cha ukwati ndi mwana wa a Kamwendo, banja lopeza bwino la ku Namiwawa. Mayi anali atachepa thupi, imvi zitafika mpaka kutsogolo. Chimene sichinasinthe chinali mipando. Inali pomwepo, zitenje zili pamwamba. Nditafunsa za nsalu ija, mayi anati ilipo, yasungidwa bwino.

A Kamwendo atamva kuti mchimwene wa ku England wafika, anatiitana kukadya nkhomaliro Lamulungu. Kanali koyamba kuti mayi alowe m'nyumba ya asewele awo. Chisomo anagona osagona ndi nkhawa masiku amenewo. Anandiuza kuti makolo a mnyamatayo ndi anthu abwino, koma pali azakhali ake amene sanasangalale kuti mwana wa mchimwene wawo akutenga mkazi ku Bangwe, ndipo akungofuna pogwira. Anandipempha kuti ndivale jekete, ndisayankhule zambiri.

Lamulungu m'mawa ndinali pabalaza ndikupukuta nsapato pamene chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Ndinayamba kumva phokoso, ngati munthu akukoka tenti. Mayi anatulukira atavala siketi yofika m'mapazi, bulauzi ya manja otukumuka ndi duku lalikulu, zonse za maruni, zonse za masamba agolide. Siketiyo sinkatsata thupi. Inkaima yokha, mayi ali m'kati mwake.

Ndinatsegula pakamwa, koma Chisomo anandikokera kukhitchini. Ananong'ona kuti ndisayerekeze. Telala wa pakhonde ku Limbe anathyola masingano angapo posoka chovalacho, ndipo mayi akhala akuchivala Lamulungu lililonse lalikulu chiyambire. Kutchalitchi konse amachidziwa kuti ndi diresi ya ku England. Iye anayesapo kuwaletsa, mayi osamva. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti akanandiuza ndikanatumiza chiyani m'malo mwake.

Tinakwera takisi. Nsalu yopakidwa pulasitiki siipuma, ndipo izi ndinkazidziwa bwino kuposa aliyense m'galimotomo. Tisanafike ndi pa Chichiri pomwe, thukuta linali likutsika m'manja mwa bulauzi kufika m'zikhatho za mayi. M'khosi, pamene kolala inkakhudza khungu, munali nsungu zofiira, zina zakale. Iwo anakhala chowongoka, akuyang'ana kutsogolo, kansalu kopukutira kali m'manja.

Mayi Kamwendo anatilandira pakhonde mwaulemu, n'kutitsogolera pabalaza. Ine ndinalowa patsogolo, choncho ndine ndinayamba kuona. Pakati pa balazalo panali sofa yaikulu, yatsopano, ya anthu anayi kapena asanu, ndi ina iwiri yaing'ono m'mbali. Maruni. Masamba agolide. Sanali ofanana pang'ono ayi, anali omwewo, tsamba lalikulu lopindikira kumanzere, tiwiri tating'ono pansi pake. Mawu a Madala anandibwerera onse.

Ndinagwira mayi pamkono kuti ndiwalondolere ku mpando wachikopa umene unali pakona, koma pamenepo panali pokhala pa Bambo Kamwendo, ndipo mlendo wolemekezeka samuika pakona. Mayi Kamwendo, amene nkhope yawo inali itasintha kale, analoza sofa yaikulu ija chifukwa panalibe pena poloza. Mayi anayang'ana sofa, anayang'ana siketi yawo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Masamba a pasiketi analumikizana ndi a pakushoni. Kuchokera pamene ndinaima, chimene chinkaoneka bwino chinali nkhope, manja ndi nsapato.

Moni anaperekedwa, aliyense akuyang'ana pena. Chisomo anakhala kumapeto, maso ali pa kapeti. Azakhali aja, mayi wonenepa wa mawu okoma, ndiwo anayamba kuyankhula.

"Asewele, mwatilemekeza zedi. Ena amabwera ndi nkhuku, inu mwabwera mutavala nyumba yathu."

Mwana wamkazi wa a Kamwendo anathamangira kukhitchini dzanja lili pakamwa. Bambo Kamwendo, pofuna kukonza zinthu, anatsokomola n'kundifunsa kuti ku England ndinkagwira ntchito yanji. Mayi anandiyankhira. Anati ndinkayeza nsalu za kasitomu, ndipo iyi avalayi ndinatumiza ndine.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinathawira kumene ndimathawira nthawi zonse, ku mfundo. Ndinafotokoza kuti m'buku la msonkho mulibe chinthu chotchedwa nsalu ya mipando, kuti lamulo limangoona ulusi ndi kalukidwe, kuti nsalu ndi nsalu, mwini wake ndiye amasankha chochita nayo. Ndinatchula 5407, ndinatchula 5903. Ndinkadzimva ndekha ndikuyankhula ngati ndikuwerenga chigamulo cha khoti, koma pakamwa sipankatseka. Ndinkaganiza kuti ndikuwateteza mayi.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anafunsa kuti nanga sofa yawoyi ndi nambala yanji, popeza katswiri ali pomwepo. Asanayankhidwe anali atanyamula kale kushoni, kutsegula zipi n'kundipatsa. Ndinayang'ana m'kati. Ulusi unali poyera, wopanda chopaka. Ndinati ndi 5407.

"Nanga ya asewelewa?"

Anawerama okha, n'kupinda mpendero wa siketi ya mayi pamaso pa anthu onse. Kumbuyo kunali kotuwa, kosalala, konyowa. Miyendo ya mayi, yowonda, inaonekera mpaka m'mawondo, thukuta likutsika. Ndinanena motsitsa mawu kuti imeneyo ndi 5903, yopakidwa zoletsa moto.

Mayi anachotsa dzanja la azakhaliwo mofatsa, anabweza mpendero, n'kuusalaza.

"Ndiye kuti moto ukabuka muno, ine nditsala," anatero.

Bambo Kamwendo anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene wapeza potulukira, ndipo ena anatsatira. Mayi Kamwendo anaimirira n'kuti chakudya chapsa, tisamukire kutebulo. Kumeneko mipando inali yamatabwa. Mayi anadya mpunga pang'ono, anamwa madzi ambiri, anayankha mafunso onse mwaulemu. Potsanzikana Mayi Kamwendo anawagwira manja onse awiri n'kuwaperekeza mpaka pageti, chinthu chimene Chisomo anati sachitira aliyense. Za ukwati sizinasinthe. Koma tili pakhonde ndinamva azakhali aja akuuza wina pa foni kuti amayi a sofa akunyamuka, ndipo dzina limenelo lilipobe m'banjamo mpaka lero.

M'takisi pobwerera, Chisomo anatsikira pa Limbe, akuti akaone mnzake.

Titafika kunyumba mayi analowa kuchipinda, n'kutuluka atamanga chitenje chakale m'chifuwa. Nsungu zija sizinali m'khosi mokha. Zinali m'mapewa, kumsana ndi m'khwapa. Anakhala pa mpando umodzi wa bambo, pa siponji yoonekera ija, n'kuyamba kudzithira paudala. Dzuwa linali likadali pamwamba.

Ndinakhala moyang'anana nawo. Ndinawafunsa ngati sanamve pamene ndinanena pa foni kuti nsaluyo ndi ya mipando.

"Ndinamva achimwene. Ngakhale mukanapanda kunena, manja angawa sadziwa nsalu? Telala nayenso anandiuza."

Ndinafunsa kuti nanga anasoketseranji.

Anatseka kabotolo ka paudala, n'kukaika pansi.

"Kutchalitchi anthu ankandifunsa sabata ndi sabata kuti mwana wanu wa ku England watumiza chiyani. Ena ankafunsa ngati mudakali moyo. Mpando ndikanausenza kupita nawo kutchalitchi?"

 Mtolankhani wa m'makhoti, woyeza nsalu za kasitomu, ndinangoyang'ana nsapato zanga zopukuta bwino zija.

Kenako mayi anati chovalacho chili pabedi, ndikachiyanike panja. Anati ndichitembenuze, chifukwa m'kati mwake simuuma msanga, ndipo Lamulungu likubwerali kuli ubatizo wa mdzukulu wa aneba.

Ndinachitenga. Chinali cholemera ngati mpukutu waung'ono, chofunda ndi thupi lawo. Ndinatembenuza siketi, bulauzi ndi duku, n'kuziyanika pa chingwe cha kutsogolo, chifukwa kuseri kulibe dzuwa masana. Masamba agolide onse analowa m'kati. Kunja kunatsala kotuwa kuja, ndipo kunkaoneka ndi maso, ngakhale munthu ataima kumsewu.